Ana amaloweza masitepe a sayansi koma satha kukonza experiment: ndiyambire pati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera. Ndimaphunzitsa Fomu 1 ndi Fomu 2, ana oposa 80 m'kalasi imodzi, ndipo labu tilibe. Masitepe a scientific method amawatchula pamtima, kuyambira observation mpaka conclusion. Koma ndikawauza kuti akonze okha experiment amangondiyang'ana. Ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, vuto mwalongosolali ndikulidziwa, chifukwa nanenso zaka zanga zoyamba ndinkaphunzitsa momwemo. Ndinkalemba masitepe pa bolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza, mayeso n'kukhoza. Ananditsegula maso anali mtsikana wina wa Fomu 2, wanzeru ndithu, amene tsiku lina anabwera ndi zitini ziwiri za nyemba. M'chitini chimodzi anathiramo phulusa n'kuchiika pakhonde pamene pamafika dzuwa la m'mawa. Chinacho sanathiremo kanthu, ndipo anachisiya m'nyumba kuseri kwa chitseko. Nyemba ya pakhonde inali yobiriwira, yojintcha. Ya kuseri kwa chitseko inali yaitali, yoonda, yotuwa, itapendekera kumene kunkalowera kuwala. Iye, nkhope ili mwee, anandiuza kuti wapeza umboni wakuti phulusa limalimbitsa nyemba. Masitepe onse anali atalembedwa bwino m'kope mwake, mwadongosolo lake. Chimene ndinali ndisanamuphunzitse ndi kudzifunsa kuti: kupatula phulusa, n'chiyani china chimene chasiyana pa zitini ziwirizi?

Funso limenelo ndiye mtima wa nkhani yonse. Mwana akalizolowera, masitepe aja amabwera okha. Akapanda kulizolowera, masitepewo amangokhala nyimbo ya pakamwa. Choncho malangizo anga ndi akuti kwa masabata angapo mubise kaye mndandanda wa masitepe, muwapatse anawo mkangano weniweni, muwasiye ayese molakwika, kenako akangane okha mpaka aone pamene panakhota.

Yambani ndi katungwe. Palibe mwana wa m'kalasi mwanu amene sanakwerepo. Afunseni kuti: pa katungwe mmodzimodzi, mwana wonenepa ndi mwana woonda, ndani amapita ndi kubwera msanga? Kalasi igawikana pomwepo. Ena ati wonenepa chifukwa ali ndi mphamvu yotsika, ena ati woonda chifukwa ndi wopepuka. Aliyense alembe yankho lake ndi chifukwa chake m'kope asanagwire kanthu. Zimenezi musazidumphe, chifukwa mwana amene sanalembe, zotsatira zikatuluka amanena kuti ankadziwa kale.

Zipangizo zake n'zotola: ulusi wolimba kapena chingwe chosomola ku thumba, manati akale a kwa wokonza njinga, rula, ndi wotchi ya pa foni. Mafoni atatu kapena anayi obwereka kwa aphunzitsi anzanu akwanira ngati magulu azisinthana. Agaweni m'magulu 10, muwatulutse panja pa mtengo kapena pakhonde pamene pali mtanda womangirira, muwauze kuti apeze yankho, basi. Musawauze kutalika kwa chingwe, musawauze kawerengedwe. Mudzafuna kuwathandiza, mtima udzakuwawani poona akusokoneza, koma dzigwireni.

Akabwerera m'kalasi, gulu lililonse lilembe zimene lapeza pa bolodi. Mudzaona chisokonezo chenicheni: gulu ili lati cholemera chimafulumira, ilo lati chopepuka, lina lati n'chimodzimodzi. Apa afunseni kuti: nonse munali pa bwalo limodzi, tsiku limodzi, nanga mayankho asiyana bwanji? Ndiye khalani chete. Pakapita kanthawi wina adzanena kuti gulu lakutilakuti chingwe chawo chinali chachifupi. Wina adzati awa amakankha nati m'malo mongoisiya. Wina adzaulula kuti iwo amawerenga kupita kokha, pamene anzawo amawerenga kupita ndi kubwera ngati kamodzi. Chilichonse chimene atchula chilembeni pambali. Mndandanda umenewo ndi umene mabuku amautcha controlled variables, koma anawo aupeza okha, ndipo sadzauiwala chifukwa unatuluka pa mkangano wawo.

Tsiku lotsatira abwerezenso, tsopano potsata malamulo amene agwirizana: chingwe kutalika kumodzi, kukokera pambali pang'ono chabe, osakankha, kusintha kulemera kokha. Awerenge maulendo 10 opita ndi kubwera, osati umodzi, chifukwa chala cha munthu chimachedwa kapena kufulumira pa batani, ndipo kuchedwa kumeneko kukagawidwa pa maulendo 10 kumachepa mphamvu. Ayese katatu n'kupeza avereji. Adzapeza kuti nati imodzi ndi manati anayi zimatenga nthawi yofanana. Ambiri sadzakhulupirira ndipo adzapempha kuyesanso. Aloleni.

Kenako asinthe kutalika kwa chingwe, kulemera kukhale komweko. Kuti mudziwe ngati zikuyenda bwino, sungani manambala awa m'mutu: chingwe cha masentimita 25 chimatenga pafupifupi masekondi 10 pa maulendo 10, cha 50 pafupifupi 14, cha 75 pafupifupi 17, cha mita imodzi pafupifupi 20. Taonani kuti kutalika kukawirikiza kanayi, nthawi imangowirikiza kawiri. Akajambula girafu adzaona mzere wopindika, ndipo mwana wa maso akuthwa adzafunsa chifukwa chake. Pali msampha umodzi woti muudikirire: gulu limene lamangirira manati motsatana, ina pansi pa inzake, lidzapeza kuti cholemera chimachedwa. Sikuti anama. Powonjezera kulemera awonjezeranso kutalika mosadziwa, popeza kutalika kumayezedwa kuchokera pomangirira mpaka pakati pa cholemeracho. Gulu limenelo musalidzudzule, ndi limene lakubweretserani phunziro labwino kuposa onse. Liitaneni kutsogolo, kalasi yonse ifufuze chimene chachitika.

Apa m'pamene mungatchule mayina a Chingerezi aja. Chimene tasintha dala ndi independent variable, chimene tayeza ndi dependent variable, zimene tazigwira kuti zisasinthe ndi controlled variables, ndipo ganizo limene aliyense analemba poyamba paja ndi hypothesis. Dzina likabwera chinthu atachiona kale, limakakamira. Pa nkhani ya chiyankhulo, ine ndimalola kuti mkangano wa m'gulu uchitike m'Chichewa kapena chiyankhulo chilichonse cha kwawo, lipoti lokha ndilo lilembedwe m'Chingerezi popeza mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi. Mwana wa Fomu 1 amene mwamukakamiza kuganiza ndi kumasulira nthawi imodzi amasankha kukhala chete, inu n'kumayesa kuti alibe nzeru. Ndipo yang'anitsitsani amene wagwira foni ndi rula. Mukapanda kusamala, anyamata amalanda zipangizo, atsikana n'kusanduka alembi. Ntchito zizisinthana ulendo uliwonse.

Tsiku limene mvula yakutsekerani m'kalasi, afotokozereni nkhani ya James Lind. Anali dokotala wa ku Scotland wogwira ntchito m'sitima ya pamadzi ya asilikali a Britain yotchedwa Salisbury. Masiku amenewo anthu oyenda miyezi yambiri panyanja ankafa ndi matenda otchedwa scurvy: usinini kutupa ndi kutuluka magazi, mano kugwedera, thupi kufooka. Mankhwala onenedwa anali ambirimbiri, aliyense akutama ake. Mu May 1747, Lind anatenga odwala 12 amene matenda awo anali ofanana momwe akanathera, n'kuwagoneka malo amodzi, n'kumawapatsa chakudya chimodzimodzi. Anawagawa awiriawiri. Awiri ankamwa mowa wa maapozi, awiri madontho a asidi wosungunula, awiri viniga, awiri madzi a m'nyanja ya mchere, awiri mankhwala osakaniza adyo ndi zina, ndipo awiri otsala ankadya malalanje awiri ndi ndimu imodzi tsiku lililonse. Zipatsozo zinatha patangopita masiku 6, koma pofika pamenepo mmodzi mwa awiriwo anali atabwerera ku ntchito, ndipo mnzakeyo anapeza bwino mpaka anapatsidwa ntchito yosamalira odwala enawo. Lind anasindikiza zimenezi mu 1753, koma asilikali a pamadzi a Britain anayamba kugawa madzi a mandimu mokhazikika cha mu 1795. Kuti chimene chinkasowa m'thupi ndi vitamini C, zinadziwika patapita zaka zoposa 100.

Musaifotokoze ngati nthano yoti aombe m'manja. Lekezani pakati, muwafunse kuti n'chifukwa chiyani anawapatsa onse chakudya chimodzi. Mukamaliza, apatseni mphamvu yomudzudzula Lind. Kodi anthu awiri pa gulu akwanira? Nanga akanakhala kuti mmodzi wa odya malalanjewo anali wolimba kale thupi? Ndani anasankha woti adye malalanje ndi woti amwe madzi amchere? Kodi panali odwala amene sanapatsidwe chowonjezera chilichonse, oti tifanizire nawo? Ana amasangalala kwambiri kupeza zolakwa za dokotala wotchuka, ndipo mafunso amenewo akukutengerani ku zinthu ziwiri zimene katungwe saphunzitsa bwino: kuchulukitsa zoyesedwa, ndi kugawa mosakondera.

Ziwirizi zimamveka bwino m'munda, ndipo apa ana anu amadziwa zambiri kuposa momwe mukuganizira. Afunseni kuti: munthu wathira manyowa atsopano pa mizere ya pafupi ndi chulu, mizere ya kutali sanathire, ndiye chimanga cha pa chulu chabereka bwino. Kodi tinene kuti ndi manyowa? Mwana aliyense wolima adzaseka, chifukwa akudziwa kuti pa chulu chimanga chimakonda kuchita bwino ngakhale osathira kanthu. Chimodzimodzi pansi pa msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kusiya nthaka yachonde. Nzeru imeneyi ali nayo kale kuchokera kwa makolo awo. Ntchito yanu n'kuwaonetsa kuti ndi nzeru yomweyo imene asayansi amagwiritsa ntchito. Ronald Fisher, amene anayamba ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919, analimbana ndi vuto lomweli la nthaka yosafanana m'munda umodzi. Yankho lake linali lakuti munda ugawidwe m'timagawo tambiri, chinthu chilichonse choyesedwa chibwerezedwe kangapo, ndipo gawo loti lilandire chakutichakuti lisankhidwe mwa mayere, osati ndi maso a munthu. Mukadzapita ndi ana ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Bunda, timinda ting'onoting'ono tokhala ndi zikwangwani tija ndi nzeru yomweyi.

Pa sukulu panu mungachite motere. Funso likhale losavuta ndiponso la kwawo, mwachitsanzo: kodi kuviika mbewu ya chimanga m'madzi usiku umodzi kumafulumizitsa kumera? Mbewu ichokere m'thumba limodzi. Dothi likumbidwe malo amodzi, lisakanizidwe bwino pa saka, kenako ligawidwe m'timachubu ta nazale kapena mabotolo odula oboola pansi, 40 onse. Lembani manambala 1 mpaka 40 pa timapepala, muike m'chipewa, mwana atole 20 osayang'ana: amenewo ndiwo alandire mbewu yoviika, otsalawo yosaviika. Yosaviikayo ndiye control, chofanizira chathu, ndipo muwauze mobwerezabwereza kuti popanda iyo sitingadziwe kanthu. Kuya kobzala kukhale kumodzi, pogwiritsa ntchito kamtengo kolembedwa chizindikiro. Madzi athiridwe ndi kapu imodzimodzi. Machubuwo ayalidwe motsata manambala, kuti oviika ndi osaviika asakanikirane, pasakhale mtundu umodzi ku dzuwa wina ku mthunzi.

N'chifukwa chiyani mayere? Chifukwa mwana amene akukhulupirira kuti kuviika kumathandiza, dzanja lake lidzasankha lokha njere zonenepa ndi chubu chodzaza bwino, iye osadziwa n'komwe kuti akukondera. Pa chifukwa chomwecho, pepala losonyeza kuti nambala iti ndi yoviika mulisunge inu m'thumba. Ana owerenga zomera m'mawa uliwonse azingolemba kuti nambala 17 yamera, nambala 18 sinamere, osadziwa mbali yake. Pepalalo lidzatsegulidwe tsiku lomaliza pamaso pa onse. Tsiku limenelo m'kalasi mumakhala phokoso ngati la pa mpira. Agwirizanenso pasadakhale kuti kumera n'kutani: kansonga kakangooneka pamwamba pa dothi, kapena tsamba likatambasuka? Akapanda kugwirizana poyamba, aliyense adzakokera tanthauzo ku mbali yake.

Mwaona kuti ana 80 aja, amene mumawaona ngati katundu wolemera, pano asanduka chuma. Magulu 10 ndiye kuti kuyesa komweko kwachitika ka 10. Gulu limodzi likapeza zosiyana ndi anzake, musafufute nambala yake. Ifunseni kalasi chimene chingakhale chinachitika. Mwina nkhuku inafukula, mwina wina anaiwala kuthirira Loweruka. Lamulo la m'kalasi mwanga ndi lakuti zoyeza zimalembedwa ndi bolopeni, ndipo cholakwika chimadulidwa ndi mzere umodzi kuti chizionekabe. Izi ndimaziumirira kwambiri. Ana athu anazolowera kuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi limene mphunzitsi walibisa, ndiye akaona nambala yawo yasiyana ndi ya mnzawo wanzeru, amaisintha mwakachetechete. Mwana akazolowera kukonza manambala ali Fomu 1, adzawakonzanso ali ku chipatala kapena ku ofesi ya zaulimi, kumene nambala yabodza imapweteka anthu.

Chimene chimathetsa khalidweli ndi kachongedwe kanu. Musapereke malikisi chifukwa hypothesis yapezeka yoona. Perekani chifukwa funso linali loyeseka, chosinthidwa chinali chimodzi, chofanizira chinalipo, anabwereza, analemba zoona, ndipo mawu omaliza sanapitirire umboni. Gulu limene lalemba kuti tinkaganiza kuti cholemera chifulumira koma tapeza kuti palibe kusiyana, lipate malikisi onse, ndipo muliyamikire mokweza. Amene wayesa chimanga chokha asalembe kuti mbewu zonse zimatero. Pa mayeso a m'kalasi, m'malo mowafunsa kuti atchule masitepe, alembereni nkhani ngati ya zitini za nyemba ija, muwauze apeze cholakwika n'kukonza. Funso lotero limakuuzani msanga amene wamva ndi amene waloweza.

Za chitetezo ndinene mwachidule koma mwamphamvu. Asayese kanthu pa thupi la munthu, asalawe, asagwire mankhwala ophera tizilombo, ndipo nkhani ya Lind isawapatse maganizo oyesa zitsamba pa mng'ono wawo wodwala. Muwauze zimenezi poyera.

Teremu yachitatu, chimanga chikalowa m'nkhokwe, muli ndi ntchito yabwino yotsekera chaka. Anthu ambiri amati anankafumbwe amabadwa kuchokera m'chimanga momwemo, ndipo ali ndi chifukwa chonenera, popeza munthu amamanga thumba la chimanga chooneka choyera, pakapita nthawi n'kupeza ali yakaliyakali. Francesco Redi wa ku Italy anakumana ndi chikhulupiriro chonga chimenechi mu 1668, chakuti mphutsi zimabadwa kuchokera mu nyama yowola. Anaika nyama m'mitsuko ina yotsegula, ina yotseka, ndipo mphutsi zinaoneka m'yotsegula mokha, momwe ntchentche zinkatera. Poyankha oti nyama yotsekeredwa inasowa mpweya, anaphimba mitsuko ina ndi kansalu kopyapyala kolowetsa mpweya koma kotchinga ntchentche, ndipo pa nyamapo sipanaoneke mphutsi.

Afotokozereni zimenezi, kenako muwauze akonze okha za anankafumbwe. Pafupifupi onse adzati tiike chimanga m'botolo lagalasi, tiphimbe ndi nsalu yolimba, timange ndi mphira, tidikire. Aloleni achite. Pakatha masabata angapo, ndipo nyengo yozizira ya June zimachedwerapo, m'mabotolo ena mudzaoneka anankafumbwe ngakhale munali motseka. Otsatira chikhulupiriro chija adzakondwa kuti apambana. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha. Apatseni njere ndi kampeni, aswe pamaso panu, ayang'ane m'kati. Adzapeza kamphutsi koyera kali m'mphako mwake. Nankafumbwe wamkazi amaboola njere, n'kuikira dzira m'katimo, n'kumata pabowopo, ndipo izi zimatha kuyambira kumunda chimanga chisanakololedwe. Botolo lija linatsekedwa mazira ali kale m'kati.

Ndiye afunseni kuti akonza bwanji. Adzafika pa ganizo lopha mazira poyamba. Chimanga chouma bwino chigawidwe pawiri mwa mayere, theka likakhale sabata yathunthu mufiriji youmitsa madzi ya pa golosale, theka lina likhale momwe liliri, kenako zonse ziikidwe m'mabotolo ofanana ophimba ndi nsalu, asanu mbali iliyonse. Mwana wina wochenjera adzatsutsa kuti firiji yapha chimangacho, n'chifukwa chake sichikubala anankafumbwe. Ameneyo musamukhalitse pansi, wafunsa ngati mmene anafunsira otsutsa Redi. Mpatseni njere 20 za mufiriji akabzale aone ngati zimera, ndipo gulu lake liwonjezere mabotolo ena asanu a chimanga cha mufiriji momwe aikamo dala anankafumbwe amoyo 10, kuti aone ngati angaswane m'chimanga chimenecho. Mabotolo onse akhale pa shelefu imodzi mu ofesi yanu, olembedwa manambala okha, ndipo Lachisanu lililonse gulu lina lizibwera kudzawerenga mpaka sukulu itatsekera.